Buku Lomwe Silinafike

Luwiza ndi Tomasi, ana anga, mwandivutitsa kokwanira kuti ndilembe za ntchito yanga, ndiye ndalemba. Za ubwana wanga tizisiye, munazimva kale mpaka makutu kuwawa. Inu mumangodziwa kuti amayi anu anapuma bwino pa ntchito, anzawo anawavinira, anawapatsa nsalu ndi wailesi. Simudziwa kuti kutatsala miyezi isanu kuti ndipume, ndinatsala pang'ono kuonongera mwana wa eni maphunziro ake onse chifukwa cha bodza langa. Nkhaniyi amene ankaidziwa yonse ndi bambo anu okha. Lero muimve kwa mwini wake.

Ku Fonte Boa, ntchito yoyamba

Nkhondo itatha tinabwerera kuchokera ku Dedza ndi mphika umodzi, njinga yopanda mabuleki, ndi iwe Luwiza kumsana. Ku mishoni ya Fonte Boa ankafuna munthu wodziwa kuwerenga Chipwitikizi woti asamalire mabuku a sukulu. Mabukuwo anali atakhalitsa m'mabokosi, makoswe okha ndiwo ankaphunziramo. Bwana wanga woyamba anali Irima Benedita, sisitere wamfupi, wolankhula motsitsa koma wosafuna zachibwana. Iwo ndiwo anandiphunzitsa kulemba fisha. Fisha ndi kapepala kolimba, kukula kwake ngati chikhatho, komwe timalembapo mlembi wa buku, mutu wake, chaka chake, ndi alumali, ndiye kuti shelefu, yomwe bukulo likukhala. Buku lililonse lili ndi fisha yake, ndipo fisha zonse zimandandalikidwa m'magaveta, timabokosi tokoka tija ta m'kabati. Wofuna buku amayamba wafufuza m'gaveta, akapeza fisha ndiye kuti bukulo lilipo. Ntchito yathu yonse yagona pamenepo: fisha ndi lonjezo lakuti buku lili m'nyumba muno.

Tsiku lina ndinafuna kuweruka msanga, ndiye ndinalemba fisha zisanu za pamtima, mabuku ake ali m'manja mwa ana m'kalasi. Irima Benedita anaziyang'ana, anandiyang'ana, n'kuzing'amba imodziimodzi osakweza mawu. "Sesiliya," anatero, "buku liyambe lakhala pamiyendo pako, kenako dzanja ligwire kaneta yolembera." Ndinapsa mtima sabata yathunthu, chifukwa fisha zijazo zinalibe cholakwika ngakhale chimodzi. Mtima wanga mukuudziwa, suchedwa kuyaka. Komabe ndinamvera, ndipo kwa zaka zambiri sindinalembenso fisha ya buku lomwe sindinaligwire.

Ku Ulongwe, chaka chomwe fakulidade inatsegulidwa

Kuchoka ku mishoni ndinagwira ku sekondale. Za kumeneko n'zochepa zoti ndinene: ana ambiri, mabuku ochepa, denga lodontha. Kenako sukulu ina ya ukachenjede, yosakhala ya boma, inatsegula nthambi yake kuno ku Ulongwe m'nyumba yomwe kale inali nkhokwe ya chimanga. Dzina lake sinditchula. Tinkangoti fakulidade, ndipo phunziro lake lalikulu linali ulimi. Ananditenga kuti ndikhale woyang'anira biblioteka, nyumba ya mabuku, ngakhale ndinalibe digiri. Tsiku loyamba ndinapeza maalumali atsopano onunkhira utoto, kabati ya magaveta khumi ndi awiri, ndi mabuku osadzaza ngakhale wilibala.

Diretori wathu woyamba, mkulu wa fakulidade, anali a Dotoro Anselimo, munthu wansangala, wa malonjezo ambiri. Akamalankhula unkaona ngati nyumba zosanja zamera kale pabwalo. Lolemba lina analowa ali ndi mapepala m'manja. Kunkabwera nthumwi za ku Maputo kudzaona ngati fakulidade ili ndi zoyenereza kuphunzitsa, ndipo chimodzi chomwe ankafuna kuona chinali kuchuluka kwa mabuku.

"Dona Sesiliya," anatero, "mabuku athu ali m'njira. Anzathu a ku Brazil atitumizira mabokosi asanu ndi anayi, afika kale padoko ku Beira. Mndandanda wake ndi uwu. Lembani fisha zonse, magaveta adzaze. Alendo akubwera Lachinayi."

"Nanga akati tione buku lenilenilo?"

"Anthu a ku Maputo amatsegula gaveta, satsegula buku. Pronto, yambanipo."

Mawu a Irima Benedita ndinawamva m'mutu, sindingabise. Koma ntchito inali yatsopano, iwe Tomasi unali utangoyamba sekondale, ndipo mabukuwo analidi m'njira. Ndinalemba fisha masiku atatu mpaka zala kuuma. Alendo anabwera, anakoka magaveta, anayendetsa zala pamwamba pa fisha ngati akusankha nyemba pamsika, anagwedeza mitu, n'kupita kukadya nkhuku. Chilolezo tinapatsidwa. Patatha miyezi iwiri lole inabwera ndi mabokosi asanu ndi atatu. La chisanu ndi chinayi ena ankati linanyowa padoko, ena ankati linapitirira ku Lichinga. Ndipo tsoka lake, m'bokosi limenelo ndi momwe munali mabuku a mbatatesi, nyemba ndi nthaka, zinthu zomwe mwana aliyense wa ku Angónia amafuna kulembapo. Ndinatenga pensulo n'kuika kadontho pakona ya fisha iliyonse ya bokosilo, kuti ineyo ndizizizindikira. A Dotoro Anselimo ankangoti, "Lifika, Dona, musachotse kanthu." Patatha zaka ziwiri iwo anasamukira kwina, ndipo bokosilo silinafike mpaka lero.

Mungafunse kuti bwanji sindinazichotse fishazo iwo atachoka. Ndinachita manyazi, basi. Gaveta ya zaulimi ikanatsala ngati m'kamwa mwa munthu wozuka mano akutsogolo, ndipo diretori watsopano akanafunsa kuti mabuku amenewo ndinawapititsa kuti. Choncho wophunzira akabwera ndi fisha ya kadontho m'manja, ndinkapita ku alumali, n'kuyerekeza kufunafuna, n'kubwerera ndi nkhope yachisoni. "Labwerekedwa, mwana wanga. Ubwerenso sabata yamawa." Ambiri sankabweranso. Bodza limeneli linazolowera pakamwa panga moti linkatuluka lokha.

Zaka za aula ya biblioteka

Ntchito yomwe ndinaikonda kuposa zonse inali kuphunzitsa makalasi kufufuza. Tinkaitcha aula ya biblioteka. Kalasi iliyonse inkabwera kwa ine kawiri: m'chaka choyamba, komanso asanayambe kulemba monografiya. Monografiya ndi chilembo chachitali cha chaka chomaliza, chomwe wophunzira amakachiteteza pamaso pa juri ya aphunzitsi atatu, pa tsiku lotchedwa defeza. Akalephera pamenepo, zaka zinayi zapita padera. Aphunzitsi ankandipatsa Lachisanu masana, nthawi yomwe aliyense mtima uli kale pa shapa, minibasi yopita kwawo. Ena ankangowasiya ana pakhomo panga n'kuthamangira kumsika wa pamalire ku Kalomwe kukagula zawo. Anyamata a nsapato zowala ankakhala kumbuyo, manja atapinda, akudabwa kuti mayi wopanda digiri angawauze chiyani.

Ndinali ndi njira yanga. Ndinkayamba ndi kuwaletsa Chipwitikizi. "Ukufuna kudziwa chiyani? Nena m'Chinyanja, ngati ukuuza amayi ako kumunda." Wina ankaimirira ndi mutu wa mizere itatu wodzaza mawu akuluakulu, ndikamuumiriza ankatsala ndi chiganizo chimodzi: n'chifukwa chiyani mbatatesi zimapsa masamba mvula ikachuluka? Ndiye tinkadula funsolo kukhala mawu atatu, n'kuwabwezera m'Chipwitikizi, n'kukawasaka m'gaveta, kenako pa kompyuta. Makompyuta tinali nawo atatu, koma wogwira ntchito nthawi zambiri ankakhala mmodzi, ndipo intaneti yake inkayenda ngati ng'ombe yotopa. Magetsi akazima tinkatulukira pakhonde ndi mabuku. Ndinkawaphunzitsa kufunsa buku mafunso ngati mlendo wofika pamudzi: ndiwe yani, walemba liti, unayeza nthaka ya kuti? Chifukwa zomwe zinachitika m'dambo la ku Brazil sizingangochitikanso m'munsi mwa phiri la Domwe. Pomaliza ndinkakweza chala n'kunena lamulo langa lalikulu: "Musatchule buku lomwe simunalitsegule ndi manja anu." Ndinkalinena ndi mtima wonse, nditatsamira kabati ija ya magaveta.

Koma fakulidade inalinso ndi lamulo lake, lakuti monografiya iliyonse itchule mabuku osachepera makumi awiri ndi asanu. Mabuku a mbatatesi omwe analipodi sankakwana zala za manja awiri. Mwana wanzeru akanatani? Ankakoka gaveta n'kukopera fisha kuti mndandanda utalike. Monografiya zikatha zinkabwera kwa ine kuti ndiziike pa alumali, ndipo tsiku lina, ndikutsegula imodzi, ndinaona limodzi mwa mabuku a bokosi losowa lija litatchulidwa kumapeto. Nditafufuza m'kati ndinapeza kuti mnyamatayo analipatsanso mawu bukulo. Analemba kuti, malinga ndi bukulo, m'mapiri a Angónia kubzala nyemba pakati pa mizere ya mbatatesi kumachepetsa chiwawu, matenda aja opsereza masamba. Ndikhulupirira anazimva kwa amalume ake, n'kuona kuti mawu a amalume sangalowe mu monografiya popanda kuwapezera mwini wovala tayi. Chaka chotsatira wina anakopera chiganizocho. Chaka china chinamera nambala ya tsamba. Kenako ndinachipeza m'mapepala omwe a Dotoro Kalisto, mphunzitsi wa matenda a mbewu, ankagawira kalasi yawo. Buku lomwe silinapondepo ku Ulongwe linali litasanduka mboni yaikulu ya fakulidade yathu.

Bambo anu nditawauza anangoti, "Kazichotseni tifishato." Ndinati mawa. Mawa limenelo linatha zaka.

Chaka chomaliza, nyengo ya ma defeza

Rozinya anali mwana wa a Mbewe, alimi a mbatatesi a m'mudzi wina kuseri kwa Fonte Boa. Kwawo konse palibe amene anafikapo pa sukulu ya ukachenjede. Ankabwera pa njinga, siketi atamangira chitenje, ndipo pa aula yanga ankakhala kutsogolo n'kumalemba chilichonse, ngakhale nthabwala. Monografiya yake inali ya chiwawu, ndipo womuyang'anira anali a Dotoro Kalisto. Mwa ophunzira onse a zaka zonsezo, iye yekha ndiye anabwera katatu kudzafuna buku lija. Katatu konse ndinamuuza kuti labwerekedwa. Kachitatuko anati, "Dona, amene analitengayo si wakuba ameneyo?" Ndinaseka naye. Nthawi itamuthera anatenga chiganizo chija m'mapepala a aphunzitsi ake, pamodzi ndi nambala ya tsamba, n'kumangirapo mutu wonse wachitatu.

Defeza yake inali Lachiwiri m'mawa. Wapampando wa juri anali purofesa wachizimayi wochokera ku Beira, yemwe anachita maphunziro ake ku Brazil. Ine ndinali ku biblioteka. Dzuwa lili pamutu ndinaona Rozinya akulowa atavala jekete yobwereka, yaitali manja. Anaima patebulo panga osakhala pansi.

"Dona Sesiliya, ndithandizeni. Purofesa uja akuti buku lija ali nalo kwawo, analiphunzira lonse. Akuti mulibe dzina la Angónia, mulibe ngakhale nyemba. Akuti ndapeka ndekha. Aimitsa defeza mpaka mawa m'mawa. Ndibwere nalo ndiwaonetse tsambalo, apo ayi alemba kuti ndachita chinyengo, andichotsa sukulu. Chonde, onani m'kaundula amene analibwereka, ndimulondola ngakhale ali ku Tete."

Mawu aja akuti labwerekedwa anafika pamilomo, okonzeka kale kutuluka. Ndinawameza. Ndinangoti, "Pita ukadye, ubwere mawa molawirira." Anandiyang'ana modabwa, chifukwa sindinatsegule n'komwe kaundulayo.

Atangotuluka analowa a Dotoro Kalisto, n'kutseka chitseko. Anali atalemba kale kalata, ine ndingosaina. Kalatayo inkati bukulo linalipo mu biblioteka ndipo linatayika chaka chatha.

"Sainani apa, Dona, nkhani ithe. Mabuku amatayika paliponse, palibe angakudzudzuleni."

"Nanga mwanayu?"

"Entawu, zimenezo ndi za juri. Ndi wamng'ono, adzapeza njira ina."

Ndinawerenga kalatayo kawiri ndipo ndinaona pomwe inkapita. Ngati bukulo linalipo, ndiye kuti Rozinya analiwerenga n'kulinamizira mawu, ndipo mlandu wonse ndi wake yekha. Ine ndikanatsala woyera, a Dotoro akanatsala oyera. Ndinawafunsa kuti, "Inuyo munaliwerenga liti bukuli?" Anakonza magalasi awo, anati musandifunse ngati ndine wophunzira wanu, n'kusiya kalatayo patebulo. Akutuluka anaonjeza kuti ndikumbukire kuti kwatsala miyezi isanu yokha, ndisadziipitsire dzina kumapeto.

Madzulo amenewo ndinapeza bambo anu kudimba akuthirira kabichi. Ndinakhala pa mzere n'kuwafotokozera zonse. Ndinkayembekeza kuti andiuza kuti ndisaine, kuti ndipeze wokangana naye. Iwo anapitiriza kuthirira. Kenako anati, "Mukundifunsa chiyani poti mukudziwa kale? Kapena mukufuna ndikunyamulireni?" Ndinawakalipira kuti iwo nkhope yawo siidzaonekera pamaso pa madotoro. Anavomera kuti n'zoona. Ndinali ndi mantha enieni, ana anga. Osati a kuchotsedwa ntchito kwenikweni, koma akuti ana onse omwe ndinawakwezera chala adzadziwa kuti mayi uja ankalalikira atakhalira bodza.

M'mawa ndinatsegula biblioteka anthu asanabwere. Ndinasolola fisha zonse za kadontho n'kuzimanga ndi mphira. Ndinatsitsa monografiya zonse zomwe zinali ndi chiganizo chija, zinakwana khumi ndi imodzi, n'kuikapo mapepala a a Dotoro Kalisto pamwamba. Zinali zolemera, ndiye ndinazimanga m'chitenje n'kusenza pamutu. Ndinadutsa pabwalo lonse la fakulidade choncho, ophunzira akuseka kuti Dona ayamba geni. Ndinagogoda pa chipinda cha defeza, ndinalowa, n'kutula mtolowo patebulo la juri. Rozinya anali ataima pakona manja ali kumbuyo. Diretori wathu wa nthawi imeneyo analiponso, ataitanidwa kudzachitira umboni.

Ndinalankhula m'Chipwitikizi, ndipo chinkandithawa, koma zomwe ndinanena ndi izi. Ndinati bukulo silinafikepo kuno. Ndinati fisha yake ndinalemba ndine, kuchokera pa mndandanda, bokosi lisanabwere. Ndinati mwanayu analifuna katatu ndipo katatu ndinamunamiza kuti labwerekedwa. Kenako ndinatsegula monografiya imodziimodzi pa tsamba la chiganizo chija, kuyambira yakale kwambiri, mpaka tebulo linadzaza. Purofesa anawerenga zonse osafulumira. Atafika pa mapepala a a Dotoro Kalisto anakweza maso n'kuwayang'ana mwini wake, amene anali atakhala pambali pake.

"Zaka zingati fisha zimenezi zili m'gaveta?" anandifunsa.

"Khumi ndi zinayi."

"Ndipo ndinu amene mumaphunzitsa makalasi kufufuza?"

"Ndine."

Purofesa anatembenukira kwa Rozinya. "Iwe, bukuli unaliwerenga?" Anati ayi. "Unaphunzitsidwa kuti usatchule buku lomwe sunaliwerenge?" Anati eya, ndinaphunzitsidwa, ndipo ndinalakwa. Sanandiloze, ngakhale akanatha kutero. Anatitulutsa tonse, n'kukambirana kwa ola lathunthu. Atatiitana, purofesa anati sangalembe chinyengo pa mwana mmodzi pomwe nyumba yonse ikudya m'mbale yomweyo, komanso sangamupambanitse ndi mutu womangidwa pa mphepo. Anamupatsa masiku makumi atatu kuti alembenso mutu wachitatu ndi maumboni omwe angathe kuwaonetsa. Akalephera, abwereze chaka.

Ine ndinalandira kalata yondidzudzula, yoyamba m'moyo wanga, ndipo ili m'sutikesi yobiriwira ija ngati mukufuna kuiwerenga. A Dotoro Kalisto sanandipatsenso moni mpaka ndinapuma. Rozinya naye anatha masiku awiri osandiyang'ana kumaso, ndipo sindinamuimbe mlandu.

Masiku makumi atatu

Tsiku lachitatu anabwera n'kukhala patebulo panga. "Dona, ndakwiya nanu," anatero, "koma palibe wina wondithandiza." Ndinati zonse ziwirizo n'zoona, tiye tiyambe. Mwezi umenewo ndiwo ndinaphunzitsa aula yeniyeni ya moyo wanga, kwa wophunzira mmodzi. Tinadula funso lake kukhala mawu atatu. Tinasaka m'mabuku onse omwe analipodi. Tinasaka pa kompyuta, magetsi akazima tinkasaka pa foni yake titaima pakona ya mpanda pomwe netiweki inkagwira. Ndinalembera anzanga a mabiblioteka a ku Tete ndi ku Beira. Zonena za chiwawu tinapeza zambiri, zabwino ndithu, koma wolemba za nyemba ndi mbatatesi za kwathu kuno sitinamupeze ngakhale mmodzi. Sabata yachiwiri ikutha Rozinya anagwetsa mutu patebulo.

"Ndiye kuti mutu wonse wafa. Palibe amene ananenapo zimenezi."

"Palibe amene analembapo," ndinatero. "Koma iweyo unakhulupirira bwanji msanga chonchi? Unazimvapo kuti?"

"Abambo anga amatero. M'mudzi mwathu ambiri amabzala choncho."

"Nanga bwanji osalemba zimenezo?"

Anandiyang'ana ngati ndapenga. Anati juri singalandire mawu a munthu wa sitandade yachitatu. Ndinamuonetsa m'buku la malamulo a kalembedwe, lomwe ndinalikhazika pamiyendo pake, kuti umboni wa pakamwa uli ndi katchulidwe kake: dzina la wonena ngati walola, mudzi, ndi tsiku lomwe mwalankhulana. Anakwera njinga. Kwa masiku asanu ndi anayi anayenda m'minda ya kuseri kwa Fonte Boa ndi kope lake. Ena anamuuza kuti nyemba zimathandizadi. Ena anamuseka, anati ife timangofuna ndiwo, chiwawu chikafuna kubwera chimabwera. Anafuna kusiya mayankho achiwiriwo, ndinamukaniza. Analemba zonse, n'kumaliza ndi kunena kuti nkhaniyi palibe anaiyeza, ndipo ikufunika woiyeza.

Tsiku la defeza yachiwiri sindinalowe. Ndinakhala pa benchi panja. Pafupi nane panadzakhala bambo wina woonda, wa jekete yachikale, atatsamiritsa njinga pa mtengo. Anavula chipewa n'kundipatsa moni. Anali a Mbewe.

"Ndinu amayi a mabuku?" anafunsa. Ndinavomera. "Ndinamva kuti ndinu munanama." Ndinavomeranso. "Ndinamvanso kuti ndinu munakanena." Anabweza chipewa kumutu, ndipo tonse tinayang'ana chitseko.

Patapita nthawi chitseko chinatseguka, Rozinya anasuzumira. Ndinaganiza kuti zavuta, chifukwa nthawi yomaliza inali isanakwane. Koma sankafuna ine. "Bambo, akukuitanani." Anatiuza mofulumira kuti purofesa waika chala pa dzina loyamba la mndandanda wa maumboni n'kufunsa kuti, uyu nayenso wabwerekedwa kapena ungandionetse? Iye anayankha kuti ali panja ndi njinga yawo.

A Mbewe anapukuta nsapato pa udzu n'kulowa. Ndinatsala ndekha. Poyamba sindinkamva kanthu. Kenako ndinamva mawu awo akukwera, Rozinya akumasulira, purofesa akufunsanso. Zinamveka kuti akutsutsana za kutalikirana kwa mizere, ndipo a Mbewe sankagonja. Kenako m'chipindamo munabuka kuseka. Ine ndinali nditagwira benchi ndi manja awiri.

Anatuluka onse awiri, Rozinya kutsogolo, manja a jekete ija akulendewera. Anaima patsogolo panga. "Ndakhoza, Dona," anatero motsitsa. "Akuti mutu wachitatu ndiwo wabwino kuposa yonse."

Chinthu chomwe chinakhala pachifuwa panga zaka khumi ndi zinayi chinachoka nthawi imodzi, ndipo ndinapeza kuti ndikulira pabwalo la fakulidade, ophunzira akudutsa, ine osasamala. Sikunali kulira kwa chisoni. Mwana wa eni anali atapulumuka, ndipo panalibenso china choti wina adzanditulukire.

A Mbewe anadikira mpaka nditapukuta maso. Kenako anawerama pang'ono n'kundifunsa mwaulemu kuti, popeza tsopano ali m'buku, bukulo lidzakhala kuti. Ndinawauza kuti likhala pa alumali yanga, ndipo aliyense wofuna adzaliwerenga.

"Chabwino," anatero. "Koma wina akadzakayika, musadzamuvutitse ndi sabata yamawa. Mudzangomulozera njira ya kwathu, ine ndimapezeka kumunda."